Dzina limodzi, ma method angapo: asayimenti ya Java ikakanirira

Ophunzira ambiri amene amayamba kulemba mapulogalamu m'chinenero cha Java amayenda bwino masabata oyambirira. Amadziwa kuonetsa mawu pa sikirini, amazolowera if ndi for, ndipo akafika pa ma method amaona ngati zinthu zayamba kumveka. Kenako imabwera asayimenti yooneka yopepuka: lembani ma method atatu okhala ndi dzina limodzi. Compiler imakana, mizere yofiira imachuluka, tsiku lopereka likuyandikira, ndipo munthu amayamba kufufuza mnzake woti angomutumizira fayilo yake. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, chifukwa phunziro lake ndi laling'ono, ndipo amene walidumpha amadzakumana nalo semesita yotsatira litakula.

Tiyambe ndi makolo komanso abale amene mumawerenga magazini ino koma simunakhalepo m'kalasi ya makompyuta. Method ndi kagawo ka pulogalamu kamene tapatsa dzina. Timakapatsa zinthu, kamagwira nazo ntchito, n'kutibwezera yankho. Zinthu zimene kamalandirazo zimatchedwa ma parameter, ndipo chilichonse chili ndi mtundu wake: int ndi nambala yathunthu ngati 7, double ndi nambala ya kadontho ngati 7.5, String ndi mawu. Method overloading ndi kulemba ma method awiri kapena kuposerapo m'class imodzi, onse dzina lofanana, koma osiyana pa zimene amalandira.

Ife olankhula Chichewa izi timachita tsiku ndi tsiku. Timaimba nyimbo, timaimba ng'oma, timaimba belu, timaimba foni. Mneni ndi mmodzi, koma palibe amene amasokonezeka, chifukwa mawu otsatirawo ndi amene amatiuza kuimba kwake. Compiler ya Java imachitanso chimodzimodzi. Ikaona dzina la method, imayang'ana zimene zili m'mabulaketi, n'kusankha method yoyenera.

Si zinenero zonse zimene zimalola izi. Chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, sichilola. Ndiye chifukwa chake ntchito imodzi yochotsa chizindikiro cha minus pa nambala ili ndi mayina osiyanasiyana kumeneko: abs ya int, labs ya long, fabs ya double. Wolemba pulogalamu amayenera kuwaloweza onse. Java, imene James Gosling ndi anzake a ku Sun Microsystems anatulutsa mu 1995, ili ndi dzina limodzi, Math.abs, lolembedwa kanayi kuti lilandire int, long, float ndi double. Ndipo println imene tonse tinaigwiritsa ntchito tsiku loyamba lenilenilo ilipo mitundu 10: ya int, ya double, ya char, ya String, ina yosalandira kanthu, ndi ina. Choncho aliyense amene analembapo System.out.println anagwiritsapo kale ntchito overloading asanamve n'komwe dzina lake. Python nayo siichita izi mwa njira imeneyi. Mukalemba ma function awiri a dzina limodzi, yachiwiriyo imangofafaniza yoyamba mwakachetechete. Amene anayamba ndi Python asanafike pa Java asamale pamenepa.

Chimene compiler imayang'ana

Tiyerekeze kuti asayimenti ikuti tiwerengere kukula kwa mabedi a ndiwo zamasamba kudimba. Bedi lina mbali zake zonse zinayi n'zofanana, lina ndi lalitali mbali imodzi.

```java
public class Dimba {
    static double kukula(double mbali) {
        return mbali * mbali;
    }

    static double kukula(double mlitali, double mlifupi) {
        return mlitali * mlifupi;
    }
}
```

Izi zimayenda bwinobwino. Tikaitana kukula(4.0) timalandira 16.0, tikaitana kukula(4.0, 1.5) timalandira 6.0. Method yoyamba imalandira nambala imodzi, yachiwiri ziwiri, ndipo kusiyana kumeneko n'kokwanira.

Vuto limabwera pa bedi lachitatu, lozungulira. Kuti tidziwe kukula kwake timangofunika nambala imodzi, mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete. Wophunzira amalemba static double kukula(double mtunda), n'kubweza Math.PI * mtunda * mtunda. Masamu ake ndi olondola, koma compiler imati:

```
error: method kukula(double) is already defined in class Dimba
```

Onani bwino zimene yalemba. Sinatchule mbali, sinatchule mtunda. Yangoti kukula(double). Kwa compiler, mayina amene timapatsa ma parameter alibe kanthu. Iwo ndi othandiza ife anthu powerenga. Iyo imaona dzina la method, kuchuluka kwa ma parameter, mitundu yake, ndi dongosolo limene aikidwira. Zimenezi pamodzi zimatchedwa signature. Ma method awiri a signature yofanana sangakhale m'class imodzi. Ndipo tikaganiza bwino, compiler ikunena zoona. Munthu akalemba kukula(3.0), akufuna bedi liti? Zili ngati wina angoti "mtengo wa mango" osawonjezera kanthu. Kodi akunena umene uli kuseri kwa nyumba, kapena ndalama zimene tilipire pamsika?

Ena amathawa vutoli posintha method imodzi kuti ilandire int kapena float, n'cholinga choti compiler ikhale chete. Imakhaladi chete, koma pulogalamuyo imasanduka msampha: kukula(3) ipereka yankho la bedi lina, kukula(3.0) ipereka la bedi linanso, ndipo palibe wowerenga amene angadziwe chifukwa chake. Ife tikuona kuti njira yabwino ndi kuvomereza kuti pano overloading siikukwanira, n'kupatsa method yachitatuyo dzina lakelake, monga kukulaKwaLozungulira. Ngati pepala la asayimenti likuumirira kuti onse atatu akhale ndi dzina limodzi, bwererani mukaliwerengenso, chifukwa nthawi zambiri aphunzitsi amakhala atalemba kale mitundu ya ma parameter imene akufuna. Ngati sanalembe, limenelo ndi funso loyenera kupita nalo kwa iwo.

Cholakwika china chofala ndi kusintha mtundu wa yankho lokha. Wina amalemba int phatikiza(int a, int b), pansi pake double phatikiza(int a, int b), n'kumaona kuti wasiyanitsa. Uthenga umabwera womwewo. Mtundu wa chimene method imabweza suli mbali ya signature. Chifukwa chake n'chosavuta: Java imalola munthu kuitana method osasunga yankho lake, kungolemba phatikiza(2, 3), n'kupitirira. Pamzere wotere palibe chimene chingauze compiler kuti asankhe iti. Kusintha public kukhala private, kapena kuchotsa static, nakonso sikuthandiza.

Ikapeza angapo oyenera

Apa ndi pamene nkhani imakoma. Tinene kuti tili ndi phatikiza(int, int) ndi phatikiza(double, double). Tikalemba phatikiza(2, 3), ma method onse awiri angathe kulandira manambalawo, chifukwa Java imalola int kusanduka double popanda kufunsa. Compiler imasankha yogwirizana kwambiri ndi zimene yapatsidwa, ndiye ya int, ndipo yankho ndi 5. Tikalemba phatikiza(2, 3.5), ya int singathe, chifukwa 3.5 singalowe mu int osataya kanthu. Yatsala ya double. 2 amasanduka 2.0, yankho ndi 5.5.

Kusanduka kumeneku kumayenda njira imodzi yokha: byte kupita ku short, short ku int, int ku long, long ku float, float ku double. Nayo char imatha kupita ku int. Madzi a m'kapu mutha kuwathira mu ndowa, koma a mu ndowa Java siingakuthirireni m'kapu pokhapokha mutalamula nokha polemba cast. Mukaona uthenga wonena za "possible lossy conversion from double to int", kapena "no suitable method found", dziwani kuti mwina mukuyesa kubwerera m'mbuyo panjira imeneyi.

Nkhani ya char ija imadabwitsa ambiri. System.out.println('A') imaonetsa A. Koma System.out.println('A' + 1) imaonetsa 66, osati B. Chilembo A chili ndi nambala 65, ndipo mukangochiphatikiza ndi 1 zotsatira zake ndi int. Ndiye compiler imasankha println ya int m'malo mwa ya char. Pulogalamu siinalakwe, yasankha method ina pa 10 ija.

Nthawi zina compiler imalephera kusankha. Lembani onetsa(int a, long b) ndi onetsa(long a, int b), kenako itanani onetsa(4, 7). Yoyamba ifuna kukulitsa nambala yachiwiri, yachiwiri ifuna kukulitsa yoyamba, ndipo palibe yoposa inzake. Uthenga umati "reference to onetsa is ambiguous". Mankhwala ake ndi kunena momveka chimene mukufuna: onetsa(4, 7L), pomwe L akusonyeza kuti 7 ndi long. Zotere zimachitikanso mukapereka null kwa ma method awiri, ina yolandira String ina yolandira Integer.

Mu 2004 Java 5 inabweretsa zinthu ziwiri zimene zinawonjezera ntchito ya compiler: kusandutsa int kukhala Integer payokha, ndi ma method olandira zinthu zochuluka mulimonse, amene amalembedwa ndi timadontho titatu. Pofuna kuti mapulogalamu akale asasinthe khalidwe, anakonza kuti kusankha kuziyenda m'magawo atatu. Poyamba compiler imafufuza method yoyenera pongokulitsa manambala monga tafotokozera. Ikaisowa, ndi pamene imayesa kusandutsa int kukhala Integer. Ikaisowanso, imapita kwa ya timadontho ija. Choncho pakati pa method yolandira long ndi yolandira Integer, nambala 5 imapita kwa ya long, ngakhale maso athu amaona ngati Integer ndiye m'bale wake weniweni wa int.

Wina angati izi n'zakuya kwambiri kwa wa chaka choyamba. Koma taonani chimene chimachitika ndi ArrayList, imene aliyense amakumana nayo posachedwa. Muli ndi mndandanda wa manambala 10, 20 ndi 30, ndipo mukufuna kuchotsa 10. Mukalemba remove(10), pulogalamu imagwa ndi IndexOutOfBoundsException. Ma remove alipo awiri: ina imalandira int monga malo a chinthu pamndandanda, ina imalandira chinthu chenichenicho. Mwa lamulo lija ya int ndi imene imapambana, ndiye Java imakafuna chinthu cha pa malo 10 pamndandanda wa zinthu zitatu. Kuti muchotse nambala 10 yeniyeniyo mulembe remove(Integer.valueOf(10)). Pano pulogalamu yagwa poyera, mwina tingoti mwayi. Mukanalemba remove(1) pofuna kuchotsa nambala 1, ikanachotsa 20 osanena kanthu.

Misampha iwiri ina

Ndi nzeru kuti ma method a dzina limodzi asamabwereze masamu omwewo. Imodzi igwire ntchito yonse, inayo ingoitana iyo. Koma samalani. Ngati mkati mwa phatikiza(int a, int b) mwalemba phatikiza(a, b) poganiza kuti mukuitana ya double, mukudziitana nokha, chifukwa a ndi b akadali int. Method imadziitana mobwerezabwereza mpaka malo atatha, ndipo pulogalamu imagwa ndi StackOverflowError. Muyenera kusandutsa kaye nambala imodzi kapena zonse kukhala double.

Msampha wachiwiri ndi kusokoneza overloading ndi overriding, mawu amene amamveka ngati mapasa ndipo pamayeso amakonda kubwera limodzi. Overriding imachitika pamene class ya mwana ilembanso method ya class ya kholo ndi signature yomweyo, ndipo imene igwire ntchito imadziwika pulogalamu ikuyenda. Overloading imafuna ma signature osiyana, ndipo kusankha kumachitika kale pa compiler, pulogalamu isanayambe. Ndiye compiler imayang'ana mtundu umene munalengeza, osati chimene chili mkati. Mukalemba Object x = "moni"; n'kuitana onetsa(x), imasankhidwa onetsa(Object), ngakhale onetsa(String) ilipo ndipo mu x muli mawu. Anthu ambiri amagwa pa equals: amalemba equals(Wophunzira w) poganiza kuti alowa m'malo mwa equals(Object) ya Java, pamene angowonjezera method yatsopano pambali. Kulemba @Override pamwamba pake kumachititsa compiler kukuchenjezani nthawi yomweyo.

Tinenenso mwachidule kuti si vuto lililonse la m'asayimenti ya overloading limene lili la overloading. Method yopeza avareji ya malikisi 70 ndi 75 ikakupatsani 72.0 m'malo mwa 72.5, ma signature alibe mlandu. Mwagawa int ndi int, ndipo Java yataya chotsala. Gawani ndi 2.0.

Kufunsa kumene kumathandiza

Musanapite kwa munthu, werengani uthenga wa compiler, makamaka woyamba. Cholakwika chimodzi chimatha kubala mauthenga ambiri, ndipo mukakonza choyamba enawo amachoka okha. Uthengawo umatchula fayilo, nambala ya mzere, ndipo pansi pake pamakhala kachizindikiro ^ koloza malo enieni. Pa overloading compiler imachita chifundo kwambiri: ikakana, imalemba method iliyonse imene inaiyesa ndi chifukwa chimene inaikanira. Ambiri sawerenga mizere imeneyi chifukwa ndi yachingerezi chouma, koma yankho limakhala momwemo.

Kenako tengani pepala. Lembani ma signature anu onse mmene compiler imawaonera, opanda mayina a ma parameter: kukula(double), kukula(double, double). Pambali pake lembani mtundu wa chilichonse chimene mukupereka poitana. Mavuto ambiri amene tafotokoza pamwambapa amaonekera pa pepala limeneli. Ngati simukudziwabe method imene ikusankhidwa, ikani println m'method iliyonse kuti izidzitchula ikaitanidwa.

Zida zina zili kale pa kompyuta yanu ndipo sizifuna bando. Kuyambira Java 9, imene inatuluka mu 2017, pali jshell, momwe mutha kulemba mzere umodzi n'kuona yankho pompo popanda kupanga class yonse. Palinso javap, mukalemba javap java.io.PrintStream mudzaona ma println onse atandandalikidwa, ndipo ndi chitsanzo chabwino cha mmene akatswiri amalembera overloading.

Zonsezi zikalephera, funsani, koma funsani moti wokuthandizaniyo apeze poyambira. Uthenga wa pa gulu la WhatsApp wongoti "yanga ikukana, thandizeni", pamodzi ndi chithunzi chosaoneka bwino cha sikirini, umangotopetsa anzanu. Chepetsani pulogalamuyo mpaka patsale ma method amene akuvutawo ndi mzere wowaitana. Tumizani ngati mawu, osati chithunzi, kuti mnzanu athe kuyesa pa kompyuta yake. Koperani uthenga wa compiler wonse. Nenani chimene mumayembekezera, chimene chachitika, ndi zimene mwayesa kale. Funso loti "ndili ndi kukula(double) ziwiri, ina ya bedi la mbali zofanana ina ya lozungulira, compiler ikuti already defined ngakhale ma parameter ndawapatsa mayina osiyana" limayankhidwa m'mphindi imodzi. Ndipo kawirikawiri munthu amapeza yankho yekha ali mkati molemba funso lotere. Andrew Hunt ndi David Thomas, m'buku lawo la 1999 lotchedwa The Pragmatic Programmer, anatchukitsa nkhani ya wolemba mapulogalamu amene ankafotokozera kabakha ka mphira pulogalamu yake mzere ndi mzere mpaka ataona cholakwika. Mnzanu wa m'chipinda amene amaphunzira za unamwino angagwire bwino ntchito ya kabakhako.

Kwa aphunzitsi pitani nthawi ikadalipo, osati m'mawa wa tsiku lopereka. Pa intaneti, Stack Overflow, imene Jeff Atwood ndi Joel Spolsky anayambitsa mu 2008, ili kale ndi mayankho a pafupifupi uthenga uliwonse umene tatchula. Koperani uthengawo, chotsanimo mayina anu a Chichewa, mufufuze.

Nanga ChatGPT ndi anzake? Asayimenti ngati iyi amailemba m'masekondi ochepa, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti ophunzira sakudziwa zimenezi. Malamulo a kosi yanu ndi amene anene ngati n'zololedwa, ndipo afunseni aphunzitsi ngati sanatchule. Kumene n'zololedwa, pali kusiyana pakati pa kufunsa kuti "uthenga uwu ukutanthauza chiyani" ndi kunena kuti "ndilembere". Kupereka ntchito imene simunalembe ngati yanu ndi chinyengo, kaya yachokera kwa makina kaya kwa mnzanu wa chaka chachitatu. Komanso pamayeso funso la mutu umenewu limakonda kubwera motere: ma method atatu alembedwa papepala, pansi pake mzere woitana, ndipo mukufunsidwa kuti pulogalamu ionetsa chiyani. Pamenepo palibe chokopera.

Mawu omaliza apite kwa inu a zaka zapamwamba amene mumafunsidwa. Mng'ono wanu akabwera ndi laputopu, musamulande kiyibodi. Mufunseni awerenge uthengawo mokweza. Mufunseni kuti 3.0 ndi mtundu wanji, nanga 3 ndi mtundu wanji, ndipo pa ma method amene walemba ndi ati angalandire chilichonse mwa ziwirizi. Zimatenga mphindi khumi m'malo mwa ziwiri. Akakonza, mupatseni ma method awiri a onetsa aja, wa int ndi long komanso wa long ndi int, anene yekha chimene compiler ichite ndi onetsa(4, 7) asanakanikize batani.